Tili Tonse: Mbiri ya Nsolo, Nthano ndi Masewera a Patebulo ku Chongwe

Ukachoka mu Lusaka kulowera kum'mawa pamsewu wa Great East, n'kudutsa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo pakatha makilomita pafupifupi 45 wafika pa boma la Chongwe. Panjira umaphonyana ndi anthu a njinga atasanja matumba a makala, akupita komwe iwe ukuchokera. Pamsika, kapena kuseri kwa kantemba kumene kuli mthunzi, upeza amuna atazungulira kanthu pansi, mitu ili pamodzi ngati akuotha moto. Osewera ndi awiri okha, koma olankhula ndi khumi. Chapambali pakhala mnyamata yekhayekha. Nayenso akusewera, kungoti mnzake ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg, ndipo bwalo lawo lonse lakwana m'chikhatho. Kuti zifike pamenepa padapita zaka mazanamazana.

Dziko limeneli ndi la Asoli. Akuluakulu awo amasimba kuti makolo adachokera kumpoto, ku dera la Aluba, monga amasimbiranso Achewa ndi Abemba, ndipo adakhazikika m'zigwa za Chongwe ndi Chalimbana kalekale, Angoni asanaoloke Zambezi, mzungu asanapondeko. Chiyankhulo chawo n'chachibale ndi Chilenje, Chitonga ndi Chiila. Ankalima mapira, ankasaka nyama, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu. Moyo wawo unkayendera mvula, monga ikuchitira umboni mpaka lero miyambo ya Chakwela Makumbi, pamene mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, yomwe idalowa ufumu mu 1971, imapempha mvula n'kuponya mbewu zoyamba m'munda. Mbewu zikalowa m'nthaka, dzanja lililonse limagwira khasu. Masewera nthawi yake inali ina: pambuyo pokolola, m'chilimwe, nkhokwe zitadzaza, dzuwa likuswa mtengo.

Masewera aakulu a amuna anali nsolo. Dzina lokhalo likunena ulendo wake. Aila ndi Atonga amati chisolo, Asukuma a ku Tanzania amati isolo, ku Rwanda ndi igisoro, ku Zimbabwe ndi tsoro. Ku Malawi abale ake a masewerawa ndi ntchuwa, ndipo ku Mozambique amati ntchuva. Liwu limodzi likamveka kuchokera ku nyanja zazikulu za kumpoto mpaka kutsidya kwa Zambezi, ndiye kuti lidayenda ndi anthu, m'misamuko, m'maukwati ndi m'malonda. Ofukula zakale adapeza timaenje ta masewera a mtundu umenewu ku Matara m'dziko la Eritrea ndi ku Yeha m'dziko la Ethiopia, ta zaka za m'ma 500 ndi 600. Ku West Africa amasewera pa mizere iwiri. Ife a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa tidakonda mizere inayi, ndipo m'malo angapo ku Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa mizereyo idasemedwa pamatanthwe, ikuonekabe.

Nsolo siinkafuna mmisiri. Munthu ankangosesa pansi pa mtengo, n'kukumba timaenje ndi chidendene cha mpeni kapena mwala, mizere inayi, utali wake malinga ndi kuchuluka kwa osewera. Anthu akachuluka mizere inkatalika mpaka mbali iliyonse kukhala gulu, wina kuyambitsa, wina kulandira miyala pakati n'kupitiriza. Mbali iliyonse ili ndi mizere iwiri. Umatola miyala ya m'dzenje limodzi n'kumagwetsa umodziumodzi m'maenje otsatira, kulowera kumanja pamzere wapafupi nawe, kubwerera kumanzere pamzere wakutsogolo. Mwala wotsiriza ukagwera muli ina, umatola yonse n'kupitiriza ulendo. M'madera ambiri, ukagwera m'dzenje lopanda kanthu pamzere wakutsogolo moyang'anizana ndi miyala ya mnzako, wadya, ndipo miyalayo imachoka m'bwalo. Wotsala chimanjamanja ndiye wagonja.

Mu nsolo mulibe mwayi ngati wa njuga. Chilichonse chili poyera, mwala uliwonse ukuoneka. Komabe ulendo wa dzanja limodzi umatha kuzungulira bwalo kawiri, katatu, mpaka mutu wa munthu wamba sungathe kuutsatira. Katswiri ndi amene amaona kumene mwala wotsiriza ukagone dzanja lisanatole. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nsolo m'pamene mnyamata ankaphunzirira kudekhako.

Koma amene amaganiza kuti nsolo ndi miyala ndi maenje basi sanakhalepo pabwalo. Oonerera ndiwo theka la masewera. Wina amalangiza mokweza, wina amatsutsa, wina amangokhosomola pamene mbale wake akufuna kutola dzenje lolakwika. Iwowo ndiwonso mboni, chifukwa dzanja lofulumira limatha kudumpha dzenje kapena kubisa mwala pakati pa zala, ndipo maso khumi ndiwo amaligwira. Pamenepo m'pamene pankamvekera za ng'ombe yosokera, za maliro a kutsidya, za mlandu wa malire a munda. Mwana sankaphunzitsidwa malamulo. Ankakhala kumbuyo kwa amalume ake chilimwe chimodzi, ziwiri, akutumidwa kukatunga munkoyo, kukatola miyala yogwa, mpaka tsiku lina mkulu wina n'kunena kuti, "Tandigwirira kaye apa, ndikubwera." Tsiku limenelo ndilo linali mayeso ake. Atsikana anali ndi awo masewera a miyala, chiyato, amene ku Malawi amati phada, koma pabwalo la nsolo sankapatsidwa malo kawirikawiri. Chimenechi tisachibise, chifukwa tichipezanso kutsogoloku.

Dzuwa likalowa, bwalo linkasamukira pamoto, ndipo mwini wake ankakhala agogo aakazi. Nthano siinkakambidwa masana; ana ankaopsezedwa kuti wochita zimenezo amuonekera malodza, ndipo cholinga chake n'chodziwikiratu, masana ndi a ntchito. Pakati pa olankhula Chichewa wokamba amayamba ndi "Padangokhala," omvera n'kuyankha "Tili tonse," ndipo yankholi limabwerezedwa mpaka kumapeto. Mitundu ina ili ndi mawu akeake, koma mwambo ndi womwewo. Yankho likazilala, agogo amadziwa kuti tulo tabwera, amafupikitsa kapena kuponya nyimbo. Ana akachita mantha kwambiri, chilombo amachichepetsa mano. Akaseka, Kalulu amamuwonjezera chinyengo china. Nthano imodzimodziyo siinkatuluka mofanana kawiri, chifukwa omvera ankaiumba ndi nkhope zawo.

Panalinso chachitatu, masanje. Akatha kukolola, ana ankapita m'minda kukakunkha zotsalira, n'kumanga timisasa ta mapesi. Uyu ndi bambo, uyu ndi mayi, uyu ndi mfumu yoweruza milandu, uyu ndi fisi wobwera kudzaba ndiwo. Palibe amene ankalemba zoti anene. Aliyense ankavala udindo wake n'kulankhula monga mwini udindoyo, ndipo nkhani inkadzipanga yokha mpaka amayi enieni ataitana madzulo. Zinthu zitatuzi, kuwerengera kwa nsolo, mawu a wokamba nthano, ndi kuvala umunthu wa wina kwa masanje, zinkakhala padera, chilichonse ndi nthawi yake ndi anthu ake.

Zaka za m'ma 1800 zidabweretsa chipwirikiti. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene kadamsana adadetsa dzuwa. Achikunda, okhala ndi mfuti za Apwitikizi, ankakwera kuchokera ku Zumbo ndi Feira kufunafuna minyanga ndi akapolo, ndipo midzi ya Asoli idalawa nawo mavutowo. Kum'mawa, cha ku nyanja ya Malawi, Ayao ndi Aswahili ankayenda ndi mitengatenga kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere. Mmodzi mwa Aswahiliwo, Jumbe, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. M'katundu wa amalondawa munali thabwa losemedwa, la mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndi nkhomo 64. Limeneli ndilo bawo, dzina lochokera ku liwu la Chiswahili lotanthauza thabwa. Malamulo ake ndi ozama kuposa a ntchuwa: zimene wadya sizichoka m'bwalo, zimalowa mbali yako n'kukhala mphamvu zako, pali dzenje lapadera lotchedwa nyumba, ndipo ukasowa chodya umangotakata. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ngakhale kuti mlendo ameneyu adadzanso ndi goli. Kusintha kwakukulu kunali kwakuti masewera adazuka m'nthaka. Tsopano ankatheka kunyamulidwa kukhwapa, kupita nawo kulikonse.

Kenaka adafika atsamunda. Njanji idafika mu 1905 pamalo pamene dziko la Asoli limakumana ndi la Alenje, siteshoni n'kutenga dzina la nyakwawa Lusaaka, ndipo mu 1935 likulu la Northern Rhodesia lidasamukira pamenepo kuchoka ku Livingstone. Msonkho udatulutsa amuna m'midzi. Ena adapita ku mafamu a azungu, ena ku migodi ya Kabwe ndi Copperbelt, ena ku Salisbury ndi ku Joni. Msewu wopita ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, udadutsa pa Chongwe penipeni, ndipo udabweretsa Ansenga, Achewa, Angoni ndi anthu a ku Nyasaland. Apolisi ndi asilikali ankalankhula Chinyanja, motero chiyankhulochi chidamera mizu mu Lusaka ndi m'madera ozungulira, mpaka lero pamsika wa Chongwe chimamveka pamodzi ndi Chisoli.

M'makomboni amuna a mitundu yosiyana, osamvana bwino chiyankhulo, ankamvana pa maenje. Koma asanayambe pankakhala kaye kukambirana: "Kwanu mumayamba ndi miyala ingati? Mukadya kutsogolo, kumbuyo mumatenganso?" Mudzi uliwonse unali ndi kadyedwe kake, ndipo kugwirizana malamulo kunali chiyambi cha chibwenzi. Azungu ena adachita chidwi n'kulemba. Meredith Sanderson, dokotala wa ku Nyasaland, adafotokoza bawo ndi ntchuwa mu 1913, ndipo Edwin Smith ndi Andrew Dale adalemba za chisolo cha Aila m'buku lawo la 1920. Pomwepo masewera achilendo ankalowa. Sukulu ndi mishoni zidabweretsa mpira. Ku Chalimbana, m'boma lomweli, sukulu yophunzitsa aphunzitsi idatsegulidwa mu 1939, ndipo lero ndi yunivesite. Drafuti idapeza malo pa khonde la telala ndi la wometa, pa kathabwa kojambulidwa ndi makala, zitsekerero za mabotolo zina zoyang'ana kumwamba, zina pansi. Makhadi adabwera ndi njuga yake. Nsolo siidafe, idangosendera pang'ono kuti alendo akhale.

Chimene chidasintha zinthu mwakachetechete ndi wailesi. Mu 1949 kudabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, ka mapaundi 5, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhula m'ziyankhulo za anthu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Julius Chongo adatchuka ndi pulogalamu yake ya Chinyanja ya Poceza m'Madzulo. Anali mmisiri weniweni: munthu mmodzi kutulutsa mawu a nkhalamba, a mwana, a mkazi wokwiya, phokoso la mvula ndi la mapazi, mpaka womvera kuona zonse ndi makutu. Ernst Wendland adazilemba nkhani zakezo n'kuzisanthula. Koma taganizani chimene chidachitika. Kwa nthawi yoyamba nthano idafika pamoto popanda nkhope ya wokamba. Idamveka m'midzi zikwizikwi usiku umodzi, chinthu chimene agogo sakadachitha. Ana ankatha kuyankha kuti tili tonse, koma Chongo sankawamva. Mkangano wonse wa lero, wa kusewera pamaso ndi kusewera patali, udayambira pa kawailesi kaja.

Apa nkhani iyambe yaoloka nyanja. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu ake masewera ophunzitsira nkhondo otchedwa Kriegsspiel: magulu awiri, mapu, madayisi, ndi woweruza amene ankanena zotsatira za lamulo lililonse. Masewera a tiasilikali ta patebulo adafalikira, ndipo H. G. Wells adalemba malamulo ake mu 1913. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Minnesota m'dziko la America, David Wesely adayesa chachilendo: m'malo moti wosewera alamulire gulu lankhondo, aliyense akhale munthu mmodzi wa m'tauni yongopeka ya Braunstein, wina meya, wina mwana wa sukulu, wina mwini banki. Dave Arneson adatenga nzeruyo n'kuiika m'dziko la zilombo ndi mapanga. Adagwirizana ndi Gary Gygax wa ku Lake Geneva, Wisconsin, ndipo mu 1974 kampani ya TSR idatulutsa Dungeons & Dragons, timabuku titatu m'kabokosi, makope 1,000, mtengo madola 10.

Kaseweredwe kake nkotere. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, ndiye mwini nthano. Ena onse aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, wolembedwa papepala mphamvu zake, nzeru zake ndi zofooka zake. Mwini nthano amati, "Mwafika pamtsinje, mlatho wakokoloka, dzuwa likulowa, ndipo kutsidya kukumveka ng'oma. Muchita chiyani?" Wina ati asambira, wina ati afunafuna bwato, wina ati adikire kuche. Ngati chinthucho n'chovuta, amaponya dayisi ya mbali 20, amawonjeza nambala ya papepala, ndipo chimene chatuluka ndicho chimalamula kumene nkhani ilowere. Palibe wopambana mnzake. Nkhani imodzi imatha kutenga miyezi, ngakhale zaka, anthu omwewo akukumana sabata ndi sabata.

Munthu wokulira kuno akaziona koyamba sazizwa kwenikweni. Mwini nthano uja ndi agogo. Osewera aja ndi ana a ku masanje, uyu mfumu, uyu fisi. Mapepala ndi manambala ndi kuwerengera kwa pa nsolo, ngakhale kuti dayisi yabweretsa mwayi umene nsolo siidziwa. Zimene ife tidazisunga m'madengu atatu, iwo adazithira mumphika umodzi. Chatsopano chenicheni n'chakuti "tili tonse" uja adakula: womvera sangovomereza, amagwira nawo chiwongolero. Olemba ena adayesanso kumanga masewerawa pa nthano za ku Africa, monga buku la Nyambe la mu 2002, lomwe dzina lake aliyense wodziwa Chilozi alizindikira kuti ndi la Mulungu. Komabe mabuku ndi madayisi ankagulidwa ndi madola, ndipo kwa zaka zambiri masewerawa adali kutali ndi mwana wa ku Chongwe.

Kompyuta idawalondola msanga. Mu 1978, pa yunivesite ya Essex ku England, Roy Trubshaw adayamba kulemba MUD, Richard Bartle n'kudzaikuza: dziko la mawu okhaokha momwe anthu otalikirana ankakumana n'kusewera. Ku Zambia intaneti idafika mu 1994 kudzera mu ZamNet ya pa University of Zambia, dzikoli n'kukhala limodzi mwa oyambirira kum'mwera kwa Sahara. Koma anthu wamba sidawapeze pa kompyuta, idawapeza pa foni. Ndipo pali chinthu chimene ambiri adachigwira m'manja osachilingalira. Nokia 3310, imene idatuluka mu 2000 n'kudzaza m'matumba a anthu, inali ndi masewera anayi, ndipo amodzi mwa iwo anali Bantumi: timiphika pa mizere iwiri, nyemba zogwetsa imodziimodzi. Anali msuweni wa nsolo, atapita kunja n'kubwerera atavala zachilendo. Malamulo ake sanali athu, anali a Kalah, amene William Champion wa ku America adakonza m'zaka za m'ma 1940. Munthu ankasewera yekha, ndi makina osatopa, osaseka, osabera. Mu 2002 John Romein ndi Henri Bal a ku Amsterdam adagwiritsa ntchito makompyuta kuwerengera awari wa ku West Africa mpaka kumapeto, makhalidwe a bwalo oposa 889 biliyoni, n'kupeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa palibe wopambana. Bawo ndi lozama kwambiri kuposa pamenepo. Alex de Voogt, amene adakhala ndi akatswiri a ku Zanzibar n'kulemba za iwo mu 1995, adaonetsa kuti ngakhale iwowo ali ndi malire a pomwe mutu ungafike.

Tebulo la nthano nalo lidasamukira pa intaneti. Fantasy Grounds idatuluka mu 2004. Roll20 idayamba mu 2012, ndipo oyambitsa ake anali abwenzi atatu a ku koleji amene moyo udawamwaza m'mizinda yosiyana koma ankafunabe kusewera limodzi. Chifukwa chimenecho ife timachidziwa bwino, poti mbiri yathu ya zaka zana zapitazi ndi ya kumwazikana. Discord idabwera mu 2015, chaka chomwecho pulogalamu ya Critical Role idayamba kuonetsa anthu akusewera, oonera n'kukhala miyandamiyanda. Malamulo oyambira a Dungeons & Dragons adaikidwa pa intaneti mwaulere mu 2014, ndipo dayisi tsopano ili m'foni. Motero dongosolo lidatembenuka. Ku America adayambira patebulo n'kupita pa intaneti. Wachinyamata wa kuno amayamba kuwaona pa YouTube, tebulo n'kubwera pambuyo ngati apeza anzake.

Pa 18 March 2020 boma la Zambia lidalengeza odwala oyamba a COVID-19. Sukulu zidatsekedwa, mabala adatsekedwa, misonkhano idachepetsedwa, ndipo kuunjikana mitu pamodzi kudasanduka choopsa. Padziko lonse magulu a patebulo adathawira pa Roll20, Discord ndi Zoom, ndipo ambiri sadabwerere ngakhale mliri utatha.

Zabwino za kusewera pa intaneti n'zoona, ndipo wozinyoza sadakhalepo kutali ndi kwawo. Mnyamata wogwira ntchito ku Solwezi angathe kusewera ndi mng'ono wake wa ku Chongwe popanda ndalama ya basi. Wolumala miyendo safunika womunyamula. Wamanyazi, amene patebulo mawu amamuuma, amalankhula momasuka nkhope yake ikabisika. Ndipo mtsikana uja amene ankathamangitsidwa pabwalo la nsolo, pa foni palibe womuuza kuti apite kukatsuka mbale. Amon Simutowe wa ku Ndola, amene adakhala grandmaster wa chess mu 2009, adayenda maiko ambiri kufunafuna akatswiri olimbana nawo. Mwana wa lero amawapeza ali pamphasa.

Koma zotayika nazo n'zazikulu, ndipo mtima wanga uli kumeneko. Pa intaneti mawu amachedwa pang'ono panjira, anthu awiri akayamba pamodzi onse amaima, motero aliyense amadikira nthawi yake ngati pamsonkhano wa ku ofesi. Kunong'onezana kwa awiri pakona kulibe, kuseka kwa onse nthawi imodzi kumaduka. Mwini nthano saona kuti uyu wayamba kuodzera, uyo wagwira pakamwa ndi mantha. Wabwerera pa vuto la Chongo, kukamba osaona maso. Netiweki ikagwa pakati pa nkhondo, munthu amangozimiririka, anzake n'kumafunsa kuti, "Mulipo?" Funso limeneli pamoto silinkafunsidwa, chifukwa yankho linkabwera lokha.

Kwa nsolo ndi bawo chotayika n'chozama koposa. Pulogalamu ya pa foni iyenera kusankha lamulo limodzi, ndipo wolemba pulogalamuyo ndiye amasankha. Kadyedwe ka mudzi uno ndi ka mudzi uwo, kamene amuna a m'makomboni ankayamba akambirana, kalibe malo. Makina salola kubera, choncho mboni sizifunika. Mboni zikachoka, wachoka wolangiza, wachoka wotsutsa, yachoka nkhani ya ng'ombe yosokera. Ndipo mwana uja woima kumbuyo kwa amalume alibe poima, chifukwa galasi la foni limayang'ana munthu mmodzi. Pamwamba pa izo, foni yomweyo imene ili ndi masewera ndi imenenso ili ndi kubetcha pa mpira, ndipo ambiri amene adalowa kukacheza adatulukamo m'thumba muli mbee. Pa nsolo ya pansi pa mtengo munthu ankagonja n'kupita kwawo atangosekedwa.

Chaka cha 2024 chidaonetsa mbali ina. Mvula idakana, pa 29 February pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi adatsika ku Kariba, ndipo m'madera ambiri magetsi ankabwera maola owerengeka okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Foni yopanda moto ndi mwala wosalowa m'dzenje lililonse. Batire yotsala pang'ono munthu ankaisungira kulandira ndalama kapena uthenga wa maliro, osati masewera, ndipo bandulo nayo imafuna ndalama imene chaka chimenecho inkapita ku ufa. Makhadi, drafuti ndi maenje sizidafunse za Kariba. Masewera a nthano a patebulo nawonso, ukawavula zokongoletsa, amangofuna pepala, pensulo, dayisi imodzi ndi anthu olola kukhala pansi. Amatheka pa kandulo.

Lero ku Chongwe zonsezi zikukhalira limodzi. Minda yambiri ya kufupi ndi Lusaka yasanduka mapuloti, mipanda ya njerwa ikukwera pomwe panali mitengo ya mthunzi, ndipo ana ambiri amakula osapitako ku masanje. Nsolo ina idachoka m'dothi n'kuumbidwa ndi simenti kapena kusemedwa pathabwa, kuti ikhalitse pamsika chaka chonse. Aphunzitsi ena amaitenga kukaphunzitsira ana kuwerengera. Achinyamata amene adaona Dungeons & Dragons pa foni ali ndi chuma chimene anzawo a ku Wisconsin adalibe: Kalulu, Fisi, Napolo, mizimu ya m'mapiri, maulendo a Achikunda pa Zambezi, ndi agogo amene akadali moyo oti awafunse. Magulu ambiri padziko asankha njira ya pakati, kukumana pa intaneti mkati mwa mwezi, pamaso akapeza mpata, ndipo nthawi zina foni imaimikidwa patebulo pafupi ndi mbale ya nsawa kuti amene ali kutali akhale nawo.

M'midzi ya mkati, kutali ndi msewu wa tala, kalendala yakale ikugwirabe ntchito. Chakwela Makumbi ikachitika, mitambo ikasonkhana, mvula yoyamba imadzaza timaenje ta pansi pa mtengo ndi matope, amuna n'kupita kumunda. Pofika mwezi wa June chimanga chili m'nkhokwe, wina amabwera ndi tsache, wina ndi mpeni, ana amatumidwa kumtsinje kukatola miyala yosalala, ndipo mizere inayi imakumbidwanso pamalo pomwe inali chaka chatha.